Nyumba ya ku Dambwa ndi Bwalo Lake

Uthenga unatipeza pakati pa mwezi wa Okutobala 2024, tili kalikiliki kukonza nazale ya mbande. Unachokera kwa mmodzi mwa ophunzira athu akale, mayi amene anamaliza maphunziro a ulimi wa masamba pano zaka zinayi zapitazo. Mawu ake anali ochepa: banja lawo linali litagawikana pa nkhani ya bwalo la nyumba ya amayi awo ku Livingstone, ndipo ankapempha kuti tikaone malowo asanathiridwe simenti. Ntchito yathu ndi ya m'minda, ndipo za nyumba za m'tauni sitilowererapo kawirikawiri. Komabe ophunzira athu ambiri akachoka pano amakakhala m'makomboni, momwe munda wawo wonse ndi kamalo ka kuseri kwa nyumba. Chotero tinanyamuka awiri, kudzera ku Lusaka, Kafue, Mazabuka, Monze, Choma ndi Kalomo, ulendo wa makilomita pafupifupi 470 kuchokera ku likulu, ndipo tinafika dzuwa litapendeka, phula la mumsewu likutulutsabe kutentha.

Mzinda womangidwa pa mchenga

Wofuna kumvetsa nyumba ya ku Livingstone ayambe wadziwa chifukwa chake mzindawo uli pamene ulipo. Azungu oyamba kukhazikika kuderali anamanga m'mphepete mwa Zambezi, pamalo otchedwa Old Drift, pomwe ankaolotsera katundu. Malungo anawapulula, ndipo manda awo alipo mpaka lero m'kati mwa nkhalango yosungirako nyama. Mlatho wa njanji wa pa mathithi utatha mu 1905, mudziwo unasamutsidwira kumtunda, pa chitunda cha mchenga chotalikirana ndi mathithi makilomita pafupifupi 10. Anautcha dzina la David Livingstone, amene anaona mathithi a Mosi-oa-Tunya mu Novembala 1855, ngakhale kuti eni nthaka, Aleya a kwa Mfumu Mukuni ndi anansi awo, anali atakhala nawo mathithiwo kuyambira kale. Kuchokera mu 1911 mpaka 1935 Livingstone inali likulu la Northern Rhodesia, ulemu umene unapita ku Lusaka. Pambuyo pake inatayanso ulikulu wa chigawo cha kummwera, umene boma la Pulezidenti Michael Sata linaupereka ku Choma.

Mbiriyi imaonekera m'nyumba zake. Pakati pa tauni, m'misewu yoyandikana ndi Mosi-oa-Tunya Road, muli nyumba zakale za malata ndi makonde aakulu, zina zotchingidwa ndi sefa ya udzudzu, zitazunguliridwa ndi mitengo ikuluikulu ya mango. Omanga ake ankaopa zinthu ziwiri, kutentha ndi malungo. Kunja kwa chigawo chimenecho kuli makomboni momwe mumakhala anthu ambiri: Maramba, Libuyu, Linda, Dambwa ndi ena. Amene anadzaza makomboniwa anali antchito a njanji, a kampani ya Zambezi Sawmills imene inkatuta matabwa a mukusi pa njanji ya ku Mulobezi, ndiponso, dziko litalandira ufulu, a m'mafakitale a nsalu, a mawailesi ndi olumikiza galimoto za Fiat. Mafakitale ambiri atatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, mzinda unatsamira pa alendo odzaona mathithi, ndipo ukutsamirabe pomwepo. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 170,000 m'bomali.

Nyumbayo

Malemu bambo a panyumbapo anachokera kum'mawa m'zaka za m'ma 1970 kudzagwira ntchito m'fakitale, ndipo khonsolo inawapatsa nyumba ya lendi ku Dambwa. Mu 1996, Pulezidenti Frederick Chiluba atalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo, iwo anagula yawoyo. Ndi nyumba ya zipinda ziwiri zogona, pabalaza, kakhitchini, bafa ndi chimbudzi. Khonde la kutsogolo anachita kuwonjezera okha, ndipo denga analisintha n'kuika malata. Tinayeza puloti yonse ndi chingwe: mamita 15 m'lifupi ndi 30 m'litali. Denga, pamodzi ndi khonde, limaphimba malo okwana masikweya mita 80. Mpanda wa kutsogolo ndi wa mabuloko, wa kumbuyo ndi wa waya wolukanalukana ndi zitsamba.

Kuseri ndiko kuli chimene tinaitanidwira. Kumadzulo kwa nyumba kuli mitengo iwiri ya mango imene bamboyo anabzala asanagule n'komwe nyumbayo, ndipo masana onse mthunzi wake umagwera pa zipinda zogona. Pafupi ndi bafa pali mtengo wa mandimu ndi mapapaya atatu. M'mbali mwa mpanda muli cham'mwamba. Pakati pali mabedi asanu ndi limodzi, lililonse mita imodzi m'lifupi ndi mamita asanu m'litali, momwe tinapezamo repu wofota, bonongwe, therere ndi kholowa, amene kumeneko amamutcha kalembula. Pakona pali khola la nkhuku zachikuda khumi ndi ziwiri. Amayi a panyumbapo, amene tsopano apitirira zaka 70, amathirira okha mbandakucha.

Mwana wawo wamwamuna, woyendetsa takisi, anali atajambulitsa kale pulani. Ankafuna kudula mango, kuchotsa mabedi ndi khola, kumanga zipinda za lendi zisanu ndi chimodzi, ndi kuthira simenti potsala ponse. Tiyenera kunena poyera kuti maganizo ake sanali opusa. Amayi ake alibe penshoni. Achinyamata ogwira ntchito m'mahotela ndi m'malo ogona alendo amasowa zipinda, ndipo ndalama ya lendi imabwera mwezi ndi mwezi popanda wina kuŵerama ndi khasu. Iye anatiuza mwaulemu kuti: "Aphunzitsi, amayi akalamba. Repu sangawagulire mankhwala a kuthamanga kwa magazi." Mlongo wake, wophunzira wathu uja, ankakumbutsa za 2020, pamene mliri wa korona unatseka malire, mahotela n'kuchotsa antchito, alendi ambiri n'kubwerera kumidzi ali ndi ngongole za lendi. Chaka chimenecho takisi inaima, ndipo banja lonse linkadya ndiwo za kuseri kwa nyumba ndi kugulitsa mazira pageti.

Panali nkhani inanso imene onse awiri sankaidziwa bwino. Bambo awo anamwalira osasiya wilo, ndipo lamulo la Zambia la 1989 lokhudza chuma cha masiye limanena kuti nyumba yotere ndi ya mkazi wamasiye ndi ana pamodzi, ndipo mkaziyo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso. Motero panalibe mwana amene akanagamula yekha. Ndiponso chomanga chilichonse chatsopano chimafuna chilolezo cha khonsolo, chimene chimayang'ana mpata wosiyidwa pakati pa nyumba ndi malire, ndi mmene zonyansa zidzatulukire. Tinawalangiza kuti apite okha kukafunsa ku ofesi yoona za mapulani, pakuti safunsa anadya phula.

Madzi

Mlendo amadabwa kuti mzinda wokhala m'mbali mwa mtsinje waukulu chotere ndi wouma. Livingstone ili m'chigawo choyamba cha zaulimi m'Zambia, chimene chimalandira mvula yosafika mamilimita 800 pa chaka. Kumeneko imagwa pafupifupi 700, ndipo yambiri imagwa pakati pa Disembala ndi Febuluwale. Mu Okutobala kutentha kumafika madigiri 35 masana ambiri, pamene mu Juni ndi Julayi usiku umazizira mpaka nthawi zina chisanu kuwaula masamba a mapapaya. Chaka chimene tinapitacho chinali choipa kuposa zaka zambiri. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chinali tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kwambiri, magetsi ankathima maola ochuluka pa tsiku, ndipo popeza madzi a m'mipopi amachita kupopedwa kuchokera ku Zambezi kukwera nawo kumtunda, kuthima kwa magetsi kunkafika mpaka pampopi. Pa masiku anayi amene tinakhalako, madzi ankabwera mwamphamvu usiku wokha, ndipo pakhomo lililonse tinaona migolo ndi zigubu zitandandalikidwa.

Tinakhala pakhonde ndi pensulo n'kuwerengera pamodzi ndi banjalo. Mabedi asanu ndi limodzi aja ndi masikweya mita 30. M'nyengo yotentha ngati imeneyo, sikweya mita imodzi ya masamba imafuna malita 6 kapena 7 pa tsiku, kutanthauza malita pafupifupi 200, mgolo umodzi wodzaza. Mnyamatayo anagwedeza mutu ngati wapeza umboni. Kenaka tinawerengera mbali yake. Zipinda zisanu ndi chimodzi, chilichonse anthu awiri, ndi anthu 12. Tikati munthu aliyense agwiritse malita 50 okha posamba, pochapa, pophika ndi kuchimbudzi, ndiye malita 600 pa tsiku, kuwirikiza katatu madzi a dimba, ndipo onsewo ochokera pampopi umodzi womwewo umene umadontha usiku wokha. Alendi amalipira, n'zoona, koma mlendi wosowa madzi sakhalitsa, ndipo mikangano ya pampopi imagwera mwini nyumba.

Tinawerengeranso denga. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi. Denga la masikweya mita 80 pa chaka cha mamilimita 700 limatsitsa malita 56,000, ndipo panyumbapo onsewo ankangothera mumchenga wa m'mphepete mwa khoma. Sitikufuna kukunamizani, owerenga athu, kuti madzi amenewa angathirire dimba chaka chonse. Vuto ndi posungira. Thanki ya malita 5,000 ingathirire mabedi aja masiku 25 okha. Koma masiku 25 ndiwo amene amapulumutsa mbewu mvula ikadula pakati pa dzinja, monga imachitira kawirikawiri kuderalo, ndipo m'chilimwe thanki yomweyo imadzazidwa usiku madzi a kumpopi akabwera. Madzi otsukira mbale ndi osamba tinalangiza kuti azilowa m'ngalande yopita ku mandimu ndi mapapaya, osati pa masamba odyedwa.

Nthaka

Dothi la ku Dambwa ndi mchenga wa Kalahari, wakuya ndi wosalala m'manja. Tinakumba dzenje la mkono wathunthu osapeza dongo. Ubwino wake ndi woti sulimba kulima ndipo madzi sadikha pabwalo. Kuipa kwake ndi koti susunga madzi kapena chakudya cha mbewu; feteleza wothiridwa lero amatsikira pansi pa mizu ndi kuthirira kwa sabata imodzi. Amayiwo ankapanga mabedi okwera, monga anaphunzirira kwawo kum'mawa kumene dothi ndi lolemera ndi mvula ndi yambiri. Pa mchenga wotentha bedi lokwera limauma mbali zonse. Tinawasonyeza bedi lolowa pansi: kukumba mpaka kuya kwa masentimita 40, kuyala pansi masamba ouma a mango ndi zinyalala zoola, kubwezera mchenga wosakaniza ndi manyowa a nkhuku okhwima, n'kusiya pamwamba potsika pang'ono kuti madzi asathawe. Pamwamba pake payalidwe udzu wouma wochindikala ngati zala zinayi, wosakhudza tsinde la mbewu chifukwa cha chiswe.

Titazula therere limodzi lopinimbira, tinapeza mizu yake ili ndi timatuza ngati mikanda. Chimenechi ndi chizindikiro cha tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timakonda dothi la mchenga lotentha, ndipo timasautsa kwambiri therere, tomato, mabilinganya ndi impwa. Mankhwala ake enieni ndi kasinthasintha wa mbewu: bedi limene munali therere lilandire anyezi kapena chimanga chachiwisi, ndipo mbewu za banja la tomato zisabwerezedwe pamalo amodzi nyengo zotsatizana. Manyowa ochuluka amachepetsanso vutoli. Tinaona apa kuti khola la nkhuku, masamba a mango ndi mabedi zimadyetsana. Kuchotsa chimodzi n'kufooketsa zinazo.

Mudzi wozungulira

Pa tsiku lachiwiri tinasiya chingwe n'kuyenda wapansi, pakuti mtengo wa nyumba sudziwika poyang'ana makoma okha. Kuchokera pageti, msika wa Dambwa ndi ulendo wa mphindi zochepa. Sukulu ya pulayimale, chipatala chaching'ono cha boma, chigayo ndi timashopu timene amatitcha tuntemba zonse zili pofikirika ndi miyendo ya munthu wokalamba. Timatebulo totumizira ndalama pafoni tili pangodya iliyonse. Msewu wa Nakatindi, wopita ku Kazungula ndi Sesheke, umadutsa chapafupi, ndipo chitsegulireni mlatho wa Kazungula mu Meyi 2021, mathiraki ambiri a katundu wopita ku Botswana ndi ku South Africa amadzera komweko. Matakisi amatenga anthu angapo pa ulendo umodzi kupita nawo m'tauni. Chipatala chachikulu, masitolo aakulu, mabanki, koleji ya aphunzitsi ya David Livingstone ndi sukulu za sekondale monga Hillcrest ndi St Mary's zili m'kati mwa mzinda womwewo. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934, ndiyo yakale kwambiri m'dziko muno, ndipo ana a m'makomboni amapitako ndi aphunzitsi awo.

M'mawa umodzi munthu amalonjeredwa m'zilankhulo zitatu asanafike kumsika. Wina amati "Mwabuka buti" m'Chitonga, wina "Mu zuhile cwani" m'Chilozi, winanso "Mwauka bwanji" m'chilankhulo chathu, chimene achinyamata a m'tauni amachisakaniza ndi zonsezo. Zakudya za pamsika zimanena zomwezo. Pali mabisi, mkaka wowawasa umene Alozi ndi Atonga amaukonda. Pali chibwantu, chakumwa cha chimanga cha Atonga. Pali nsomba zouma zochokera kumadzulo ndi kapenta wa ku Kariba. Ku msika wa Maramba, umene ndi waukulu kwambiri mumzindawu, tinafunsa amayi ogulitsa masamba kumene katundu wawo amachokera. Ena anati ku madimba a m'mbali mwa mitsinje, koma tomato, kabichi ndi mbatata zambiri zimabwera pa galimoto kuchokera kutali. Mzinda umene umadya zambiri kuposa zimene umalima uli ndi malo a mlimi wa pabwalo. Amayi athu aja safunika ngakhale kupita kumsika: anansi amagogoda pageti kufuna mpukutu wa kalembula.

Alendo a kunja amene amadyetsa mzindawu saoneka kwambiri ku Dambwa. Chimene chimaoneka ndi ndege zotera pa bwalo la Harry Mwaanga Nkumbula, ndi anthu ovala yunifolomu za m'mahotela akudikira basi ya kuntchito kusanache. Amayiwo anatiuza kuti m'miyezi ya Malichi mpaka Meyi, mtsinje ukadzaza, nthunzi ya mathithi imaoneka kummwera ngati utsi wa lupsa, koma iwo mwini anapitako komaliza mwamuna wawo ali moyo. Madzulo anthu amakhala panja pa mipando ndi mikeka mpaka usiku, chifukwa m'nyumba za malata simulowedwa. Tinaona kusiyana kumeneku ndi thupi lathu. Tinalowa m'chipinda cha lendi cha pakhomo lina loyandikana, pomwe bwalo lonse ndi simenti ndipo palibe mtengo, ndipo tinatulukamo thukuta lili kamukamu. M'chipinda cha amayi aja, pansi pa mthunzi wa mango, munthu ankatha kugona masana. Mnyamatayo anali nafe, ndipo sananene kanthu.

Anansi a miyendo inayi

Palibe nkhani ya nyumba ya ku Livingstone imene ingathe osatchula njovu. Nkhalango ya Mosi-oa-Tunya, yokula masikweya kilomita 66, yagundana ndi mzinda kummwera, ndipo kumpoto kuli nkhalango ya Dambwa. Dera lonseli lili m'kati mwa chigawo chachikulu chotetezera nyama cha Kavango-Zambezi, chimene maiko asanu, Angola, Botswana, Namibia, Zambia ndi Zimbabwe, anachikhazikitsa ndi pangano la 2011. Kalembera wa m'ndege wa 2022 anapeza kuti m'chigawochi muli njovu pafupifupi 227,900. M'chilimwe madzi a Zambezi akaphwa, njovu zimaoloka kuchokera kutsidya ndipo zimatsata njira zake zakale, zimene zina mwa izo lero pamangidwa nyumba. Anthu afapo m'makomboni a m'mphepete mwa mzinda, makamaka oyenda usiku kapena mbandakucha.

Nyumba ya amayi aja ili chapakati pa komboni, ndipo iwo akuti njovu sizinafikepo pampanda pawo. Koma amene akufuna puloti yatsopano kumalire a mzinda, kumene malo ndi otchipa, afunse anansi za nkhaniyi asanalipire. Mango akupsa, mapapaya ndi chimanga chachiwisi zimaitana njovu. Alimi a kuderali anaphunzira kugwiritsa ntchito tsabola wowawa: amamusinja, kumusakaniza ndi oilo wakutha wa galimoto, n'kupaka pa zingwe ndi nsanza zomangirira kumpanda, ena amaumba njerwa za ndowe ndi tsabola n'kuzifukiza usiku. Njira zimenezi zimathandiza pokhapokha zikamabwerezedwa, ndipo sizilowa m'malo mwa nzeru zakale: kuthyola zipatso zisanapse kwambiri, kusayenda mumdima kumene njovu zaoneka, kusazigenda kapena kuziunjirira, ndi kudziwitsa msanga alonda a boma a zanyama.

Chigamulo

Madzulo a tsiku lachitatu banja linakhala pansi pa mango, ndipo anaitananso amalume awo a anawo, amene amakhala ku Libuyu. Ife tinangoyala zimene tinapeza: madzi, nthaka, mthunzi, lamulo ndi msika. Tinanena kuti dimba la masikweya mita 30 silingapereke ndalama yofanana ndi lendi ya zipinda zisanu ndi chimodzi, ndipo wonena zimenezo akunama. Tinanenanso kuti lendi ya ku Livingstone imakwera ndi kutsika pamodzi ndi alendo odzaona mathithi, pamene ndiwo zimadyedwa chaka chili chonse, chabwino kapena choipa. Mtengo wa mango wa zaka makumi atatu umagwa m'mawa umodzi, ndipo amayiwo sakanakhala ndi moyo kudikira wina.

Amayiwo, amene masiku onsewo sanalankhule zambiri, anayamba ndi kuthokoza alongo awo ndi ife alendo. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo. "Mwananga, ndakumva, ndipo sunalakwe. Ndalama ikufunika pakhomo pano. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Alendi sindinawaone, mitengo iyi ndikuiona. Manga zipinda ziwiri kumbali ya kum'mawa, kumene kulibe chomera. Mango usawakhudze ine ndili maso." Mnyamatayo anayankha ali chogwada: "Ndamva, Amayi. Koma zikayenda bwino mudzandilole ndiwonjezere ziwiri." Iwo anati nkhani imeneyo idzakambidwa ikadzafika nthawi yake, ndipo amalumewo anatseka bwalo.

Zimene anagwirizana n'zakuti zipinda ziwirizo zidzakhale ndi chimbudzi chawochawo. Madenga onse aikidwe mipaipi yolandira madzi a mvula. Lendi ya miyezi yoyamba igule thanki. Mabedi asinthidwe kukhala olowa pansi, awiriawiri, kuti ndiwo zisadukize. Ndipo pulani yatsopano ipite kukhonsolo njerwa isanagulidwe ngakhale imodzi. Sitikunena kuti ichi ndicho chigamulo choyenera nyumba iliyonse. Banja lopanda wothirira, kapena la puloti yaing'ono kuposa iyi, lingagamule mwina, ndipo silingakhale litalakwa.

Kwa inu amene mudzakhala m'tauni

Ambiri mwa inu amene mukuphunzira pano mudzapezeka tsiku lina mukuyang'ana nyumba ya lendi kapena puloti yogula, kaya ku Livingstone, ku Chipata, ku Lusaka kapena ku Lilongwe. Zimene tinachita ku Dambwa mungazichite nokha ndi chingwe, khasu ndi pensulo. Pitani m'mwezi wotentha kwambiri, pakuti nyumba iliyonse imakongola m'dzinja. Tsegulani mpopi m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo funsani anansi kuti madzi amabwera nthawi yanji. Kumbani dzenje muone dothi. Imani kumadzulo kwa nyumba dzuwa litapendeka, muone ngati pali chotchinga. Yendani wapansi kupita kumsika, kuchipatala ndi kusukulu, mukuganizira mwana wamng'ono kapena kholo lokalamba. Onani mapepala a malo ndi maso anu, mudziwe dzina lolembedwapo ndi ena amene ali ndi gawo. Ndipo musanathire simenti pabwalo, werengerani chimene bwalolo likukupatsani kale.

Tinachoka pa tsiku lachinayi kusanache, kuti tikwere basi yoyamba ya ku Lusaka. Mpopi unali ukutuluka, ndipo amayiwo anali atadzaza kale mgolo. Anatipatsa njere za bonongwe wawo zokulungidwa m'pepala, zimene tazifesa m'nazale ya pano kuti tione mmene zichitire pa dothi lathu lofiira. Mu Januwale wophunzira wathu uja anatilembera kuti mvula yagwa bwino, mabedi anayi asinthidwa, ndipo pulani idakali ku ofesi. Maenje a mabedi awiri otsalawo akukumba ndi mlongo wake, madzulo akaweruka ku takisi, ngakhale kuti akunenabe za zipinda zinayi.